Madzi a M'paipi ya Mlamu wa Mfumu

M'dziko la Sitidandaula, limene pa mapu simungalipeze ngakhale ena amati fungo lake akulidziwa, mudali mtsinje wotchedwa Mwerani. Mtsinjewu unkadziwa masiku a sabata kuposa kalendala. Lolemba unkafiira, Lachitatu unkabiriwira, Lachisanu unkachita chikasu. Lamulungu, makina a fakitale ya Tiwale akapuma, unkangoda bii, uku ukununkha ngati m'kamwa mwa munthu wa matsire.

Fakitale ya Tiwale inkanyika nsalu mu utoto. Mwini wake adali Bwana Chimphonda, mlongo wake wa mkazi wa Mfumu Yaikulu Mwadzitama Wachitatu, ndiye kuti mlamu wa dziko lonse. Kuseri kwa mpanda wa fakitaleyo kudatulukira chipaipi chachikulu moti mbuzi ikadatha kulowamo osawerama. Zonse zimene nsalu zakana zinkadutsa m'menemo kukagwera mu Mwerani, ndipo mudzi umene udali kumunsi kwake anthu adangoutcha Kunsikwapaipi, dzina lakale n'kuiwalika.

Musaganize kuti dzikoli lidalibe malamulo oteteza mitsinje. Adaliko, abwino zedi. Buku lake lidali lonenepa, lachikuto cholimba, ndipo linkagwira ntchito tsiku lililonse: linkachirikiza chitseko cha ofesi ya Nduna ya Zachilengedwe, a Kamphulusa, kuti mphepo isachimenyetse. M'dziko lonselo munthu amene adaliwerenga mpaka kumapeto adali mmodzi, Mayi Elube Kanyumbu, woyendera mafakitale.

Mayi Kanyumbu adali wamfupi, wosachuluka mawu, woyenda ndi majombo a mvula ngakhale m'chilimwe. Mwezi uliwonse ankatsikira kukamwa kwa chipaipi, kutunga madzi m'mabotolo, kukawayeza, n'kulemba lipoti. Adachita zimenezi zaka zisanu ndi ziwiri. A Kamphulusa ankalandira lipotilo ndi manja awiri, kuthokoza, kenaka n'kulipereka kwa mesenjala, amene ankaligawira amayi ogulitsa mtedza pageti kuti azikulungira malonda awo. Motero anthu a mumzinda wa Chetechete ankadziwa za poizoni wa mu Mwerani kuposa Nduna, chifukwa ankawerenga akutafuna.

Pobwera kuchokera kupaipi, Mayi Kanyumbu ankadutsira pamsika wa Tapirira, pomwe padali Anachanza, mayi wamasiye wa ku Kunsikwapaipi amene ankagulitsa masamba. Kale Anachanza ankagulitsa matemba ndi milamba, koma nsomba za mu Mwerani zidayandama zonse chaka chimodzi, mimba zili m'mwamba.

"Mwatunganso, mayi?" Anachanza adafunsa tsiku lina.

"Ndatunganso."

"Tungani ndithu. Mwina tsiku lina mudzaumaliza mtsinjewu ndi timabotolo tanuto. Taonani mpiru wanga. Ndidadzala wobiriwira, watuluka wa pepo. Ogula akundifunsa ngati ndi mtundu wakunja."

Adaseka, koma potambasula manja kuti amange masamba, Mayi Kanyumbu adaona zilonda zong'ambika pakati pa zala zawo.

"Nanga Likisina ali bwanji?"

Kuseka kwa Anachanza kudatha. Likisina adali mwana wawo womaliza, wa zaka zisanu ndi chimodzi.

"Akadali kuchipatala. Khungu likungosendeka ngati mbatata yophika. Adokotala akuti asamasambe mumtsinje. Ndawafunsa kuti azisamba kuti, andiyang'ana ngati ndawatukwana."

Zinthu zikadapitirira choncho mpaka Mwerani atatopa, koma kudabwera kalata. Idachokera kutsidya kwa nyanja, ku dziko la Kuzizira, kumene nsalu zambiri za Tiwale zinkagulidwa. Ogulawo adati sadzalandiranso ngakhale kansanza pokhapokha ataona satifiketi yotsimikiza kuti fakitale ikutsata malamulo a dziko lake lomwe, yosainidwa ndi woyendera mafakitale. Adawonjezera kuti atumiza munthu wawo kudzaona ndi maso.

Tsiku lomwelo a Kamphulusa adaitanitsa Mayi Kanyumbu. Kwa nthawi yoyamba adawapatsa mpando wa khushoni ndi tiyi wamkaka.

"Mayi, boma likudziwa khama lanu," adatero, akukankhira pepala patsogolo pawo. "Pano pangotsala kadzina kanu. Kakang'ono."

"Sindingasaine, bwana."

"Cholembera chikuvuta? Nachi changa."

"Lamulo likuti fakitale ikhale mamita zana kuchokera kumtsinje. Tiwale ili pa mamita makumi awiri. Likutinso madzi a utoto azidutsa kaye m'maiwe osefera asanatayidwe. Maiwe kulibe. Antchito akugwira asidi ndi manja, magolovesi alibe."

"Zonsezi mwazitenga kuti?"

Mayi Kanyumbu adaloza buku limene lidali pansi pachitseko. A Kamphulusa adaliyang'ana ngati galu wa pakhomo amene waluma mbuye wake.

M'mawa mwake Bwalo Lalikulu lidakumana kunyumba yachifumu. Mfumu Mwadzitama idakhala pampando wake wa minyanga, nduna zili m'mbali, Bwana Chimphonda ali pafupi moti maondo awo ankakhudzana. A Kamphulusa adafotokoza vutolo atagwada.

"Mukutanthauza kuti fakitale ya mlamu wathu yaphwanya lamulo?" Mfumu idafunsa.

"Ayi, Wamkulukulu. Lamulo ndi limene ladziika pamalo pomwe fakitale imadutsa."

Bwalo lidawomba m'manja. Lidakambirana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nduna ya Zamisewu idati mtsinje usunthidwe. Nduna ya Zamaphunziro idati ana aphunzitsidwe kuti madzi enieni amakhala ndi mtundu. Wina, amene adali atangodzuka kumene, adafunsa ngati sikungakhale kophweka kungokumba maiwewo, ndipo adamutulutsa panja kuti akapume mphepo.

Pomaliza nzeru idachokera kwa Nduna ya Miyezo ndi Masikelo, nkhalamba imene palibe adaimvapo ikulankhula chiikidwire paudindo.

"Wamkulukulu," idatero, "mita ndi wantchito wa boma ngati ife tomwe. Ikhoza kutsitsidwa paudindo."

Madzulo wailesi idalengeza Lamulo la Chifumu: kuyambira tsiku limenelo mita ya m'dziko la Sitidandaula idzakhala yotalika ngati chikhatho cha Mfumu. Poyeza ndi mita yatsopanoyi, fakitale ya Tiwale idapezeka kuti ili pa mamita zana ndi asanu kuchokera kumtsinje. Lamulo lachiwiri lidaletsa mawu oti "kununkha" pokamba za Mwerani. Mtsinjewo tsopano unkatulutsa "mpweya wa chitukuko."

Pamsika wa Tapirira anthu adalandira malamulowa ndi ulemu waukulu. Ogulitsa zitenje adayamba kudula mamita awiri okwanira kumanga chala chovulala. Bambo wina wamfupi ankayendayenda akuuza aliyense kuti tsopano ndi wotalika mamita asanu ndi atatu, ndipo akufuna mkazi wa msinkhu wake. Mwamuna wina atatulutsa mphepo pamzere wa chigayo, Anachanza adagwira mphuno n'kunena mokweza kuti, "Abale, wina watukuka pano."

Mita yatsopanoyo idakhala masiku asanu ndi anayi. Idafa tsiku limene telala wa kunyumba yachifumu, munthu womvera malamulo kwambiri, adasoka mkanjo wa Mfumu wa mamita asanu ndi limodzi monga mwa nthawi zonse, n'kubweretsa kanthu kofanana ndi thewera. Mita yakale idabwezeredwa paudindo m'dziko lonse, kupatula pakati pa fakitale ya Tiwale ndi mtsinje.

Koma Mayi Kanyumbu sadasainebe. Adati ngakhale atayeza ndi chikhadabo, madzi a m'paipi ndi omwewo.

Apa m'pamene nkhaniyi idalowa m'nyumba mwawo, chifukwa amuna awo, a Faniwelo, ankagwira ntchito ku Tiwale komweko. Zaka khumi ndi chimodzi adakhala akuvundula nsalu m'migolo ya utoto, ndipo manja awo adali a buluu mpaka m'zigongono. Kutchalitchi akakweza manja popemphera, ana ankaiwala kutsinzina.

Lamulungu masana adakhala pakhonde, Mayi Kanyumbu akupaka mafuta m'ming'alu ya manja a amuna awo.

"Mayi a Ndaziona," a Faniwelo adayamba, maso ali pansi, "dzulo kapitawo anatisonkhanitsa. Akuti Akuzizira akasiya kugula, fakitale itsekedwa. Tilipo mazana asanu ndi limodzi. Onse anatembenuka kuyang'ana ine."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndikanati chiyani? Ndinati mkazi wanga sindimugwira dzanja polemba."

"Mukufuna ndisaine?"

A Faniwelo adawapatsa dzanja lina.

"Ndikufuna mawa ndikalowa pageti anzanga andipatse moni," adatero. "Koma mwana wa Anachanza ndinamuona. Sindikudziwa chimene ndikufuna."

"Bambo a Ndaziona, dzina langa ndi chinthu chokhacho chimene boma silinandipatse. Ndikaliika papepala lija, mawa mwana wina akamwalira adzati Elube anati madzi ali bwino."

"Ndikudziwa. Pakani apa, pakuwawa."

Patatsala sabata kuti mlendo afike, Bwana Chimphonda adapeza njira, ndipo a Kamphulusa adaitananso Mayi Kanyumbu. Ulendo uno padalibe tiyi.

"Lamulo lanu lija ndaliwerenga," adatero monyadira. "Tsamba limodzi lathunthu. Likuti woyendera ayeze madzi otuluka m'paipi. Otuluka. Za olowa silikunenapo kanthu. Lachinayi, pamaso pa Mfumu ndi mlendo, mudzatunga madzi otuluka m'paipi, mudzawayeza, Mfumu idzamwa, inu mudzasaina. Mukakana kusainira madzi oyera, ndiye kuti muli ndi chidani ndi banja lachifumu. Inu ndi amuna anu mudzakambirana bwino za chilengedwe muli kundende."

"Madzi oyerawo adzachokera kuti, bwana?"

"M'paipi."

Zenizeni adazimva kwa a Faniwelo. Kuseri kwa mpanda adaimika thanki yaikulu yodzaza madzi a pamjigo, n'kuilumikiza kuchipaipi. Madzi a utoto adzatsekeredwa m'dzenje la simenti limene lidali pafupi ndi holo yonyikira nsalu. Makina sadzazimitsidwa, chifukwa Bwana Chimphonda ankafuna kuti mlendo amve phokoso la chitukuko. Thanki idali yokwanira ola limodzi ndi theka, dzenje nalonso chimodzimodzi. Mwambo wonse udakonzedwa kuti utenge mphindi makumi anayi. Ndipo munthu amene adasankhidwa kuyang'anira magudumu otsegulira ndi kutsekera madziwo adali a Faniwelo, kuti ngati chinthu chilakwika, banja limodzi lokha lidzalire.

"Ndiye mudzatani?" adafunsa akazi awo.

"Ndidzatunga chimene chidzatuluke," Mayi Kanyumbu adayankha motopa. "Andigwira, bambo a Ndaziona. Madzi akadzakhala oyera, ndilibe ponamizira."

Lachinayi fakitale ya Tiwale idadzuka itasamba. Mpanda udapakidwa laimu. M'mphepete mwa mtsinje mudamera mitengo ya mango yaitali bwino, imene dzulo lake idali nthambi za mitengo ya anthu a ku Kunsikwapaipi. Magolovesi adabwera, koma adali ochepa, choncho wantchito aliyense adalandira imodzi, n'kuuzidwa kuti azibayibitsa ndi dzanja lovalalo, linalo likhale m'thumba. Anthu a pamsika adawatenga pa malole kuti adzaombe m'manja, ndipo Anachanza adawaika kutsogolo chifukwa adali ndi chitenje cha nkhope ya Mfumu.

Mlendo adali mayi wamtali, wa magalasi, wa kabuku m'manja. Adakhala pansanja pafupi ndi Mfumu, akuyang'ana chipaipi chimene chinkatulutsa madzi oyera mbee, ongoti waa pamiyala. Anthu a ku Kunsikwapaipi adawayang'ana madziwo ngati akuona m'bale amene adapita ku Joni kalekale.

Nthawi ya teni koloko mlakatuli wa kunyumba yachifumu adaimirira kutchula maina aulemu a Mfumu. Chaka chimenecho mainawo adali atafika makumi asanu ndi awiri, ndipo lililonse linkafuna nthungululu. Itakwana hafu teni Mfumu Mwadzitama idaimirira, idalandira pepala la mphindi khumi limene adailembera, idalipinda, n'kuliika m'thumba.

"Lero tilankhula zochokera mumtima," idatero.

Bwana Chimphonda adayang'ana wotchi yawo.

Mfumu idayambira pa agogo ake, Mwadzitama Woyamba, amene akuti adapeza mtsinje wa Mwerani ukuyenda chokwera phiri n'kuulangiza kuti uzitsika. Idafotokoza za ubwana wake, mmene idasambira mumtsinjewo ng'ona zikuipatsa njira. Idadzudzula maiko ansanje. Idafika pa mbiri ya madzi m'dziko lapansi, kuyambira pa chigumula cha Nowa, chimene idati chikadachitika mu ulamuliro wake chikadayendetsedwa bwino.

Kuseri kwa mpanda a Faniwelo ankagogoda thanki ndi chala. Poyamba inkayankha mawu onenepa. Kenaka idayamba kulira ngati ng'oma. Dzenje la simenti nalo lidali litadzaza mpaka m'milomo, madzi a pepo akutuluka nthunzi, thovu likusefukira. Adathamangira kwa kapitawo.

"Zimitsani makina! Dzenje ladzaza!"

"Makina azime Mfumu ikulankhula? Ukufuna anene kuti chitukuko chaima pakati pa mawu ake?"

"Ndiye kauzeni abwana!"

"Pita wekha. Wonong'oneza Mfumu ili chiimire amagona kuti, sukudziwa?"

A Faniwelo adachepetsa madzi a m'thanki kuti angodontha, kuyesa kugula nthawi. Pansanja Bwana Chimphonda adali atanyowa thukuta mpaka tayi. Adayesa kutsokomola. Adayesa kuyambitsa kuomba m'manja kotsekera pamene Mfumu idapuma kuti imeze malovu, koma khamu lidalandira m'manjamo mwamphamvu, ndipo Mfumu idalimbikitsidwa, n'kubwerera kwa agogo ake kuti iwonjezere zimene idaiwala.

Itakwana hafu leveni thanki idauma. Nthawi yomweyo madzi a m'dzenje adadumpha khoma n'kuyamba kuyenderera pansi, kulowera pakhomo la holo yonyikira nsalu. M'menemo mudali amayi oposa makumi anayi, ambiri atavala masilipasi. Woyamba kupondamo adakuwa, n'kudumphira pa tebulo. Madziwo adali otentha, a asidi, ndipo ankalowera kumene kudali nthambo za magetsi.

A Faniwelo adayang'ana gudumu lotsegulira madzi a m'dzenje kuti alowe m'chipaipi, adayang'ana pakhomo la holo. Adavula golovesi yawo imodzi ija, adagwira gudumu ndi manja onse awiri, n'kulizungulitsa mpaka kumapeto.

Kutsogolo Mfumu idali ikumaliza.

"Ndipo kuti adani athu achite manyazi," idatero, "ife eni ake timwa madzi a m'paipi iyi pamaso panu. Woyendera, titungireni."

Mayi Kanyumbu adanyamuka ndi tambula yagalasi, atataya mtima. Adatsika pamiyala ndi majombo awo. Atafika, chipaipi chidali chitauma. Chidatsokomola kawiri, chidabuula ngati ng'ombe, kenaka chidasanza. Madzi a pepo, a thovu, ofuka nthunzi adatuluka mwamphamvu moti mitengo iwiri ya mango idagwa n'kuyamba ulendo wa kunyanja. Mpweya wa chitukuko udakwera pansanja, nduna zonse n'kutulutsa mipango.

Mayi Kanyumbu adayang'ana madziwo. Adadziwa kuti dzanja limene latsegula ndi la amuna awo, ndipo adadziwa chimene chikuwayembekezera onse awiri. A Kamphulusa ankawakodola ndi maso kuti abwerere chimanjamanja. Iwo adawerama, adatunga tambula yodzaza, adakwera masitepe a nsanja pang'onopang'ono kuti asataye ngakhale dontho, adagwada, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Madzi otuluka m'paipi, Wamkulukulu."

Mlendo adatsegula kabuku kake.

Mfumu idalandira tambulayo, idaiyang'ana, idaipendeketsa. Thovu lidaphulika pang'ono. Koma Mwadzitama sadakhale pampando zaka makumi awiri chifukwa cha kupusa.

"Mwambo wa makolo athu," idatero, "umati mfumu siimwa nduna yake ili ndi ludzu. A Kamphulusa."

A Kamphulusa adalandira tambula. "Ulemu umenewu wandikulira, Wamkulukulu. Unduna wathu umaika patsogolo ogwira ntchito." Adaipereka kwa mlembi wamkulu. Mlembi wamkulu adati ali pa mankhwala a shuga, n'kupatsira wachiwiri wake. Wachiwiriyo adakumbukira kuti akusala kudya. Tambula idatsika nsanja, kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo, kwa mkulu wa apolisi, kwa woimba lipenga, kwa dalaivala, kwa mesenjala, aliyense akupeza wina womuposa ludzu. Sikudaonekepo m'dziko la Sitidandaula chinthu chochokera kwa Mfumu chimene chidafika kwa anthu wamba mwachangu chotero, chili chodzaza, palibe amene watapako.

Idathera m'manja mwa Anachanza.

Anachanza adaiyang'ana, adainunkhiza. Adakonza chitenje chawo, adayenda mpaka pansanja, adakwera, n'kugwada pamaso pa Mfumu.

"Wamkulukulu, mutikhululukire ife a ku Kunsikwapaipi," adatero ndi mawu omveka mpaka kumalole. "Ndife anthu oumira. Zaka zonsezi madzi awa takhala tikumwa tokha, kusamba tokha, osakugawiraniko ngakhale kapu imodzi. Mwana wanga Likisina adakhuta, ali kuchipatala. Ineyo ndakhuta, onani manja angawa. Lero tachita manyazi. Imwani ndinu, mwalankhula nthawi yaitali, kukhosi kwauma."

Wina kumbuyo adayamba nthungululu, adailekeza pakati, koma amayi ena adailandira, ndipo posakhalitsa khamu lonse linkaomba m'manja mwa kayendedwe kamodzi, likuimba kuti, "Imwani! Imwani!" Apolisi adasowa chochita, popeza palibe lamulo loletsa kufunira Mfumu zabwino.

Mfumu idalandiranso tambula. Idayang'ana khamu, idayang'ana mlendo amene cholembera chake chidali m'mwamba, kenaka idatembenuka pang'onopang'ono.

"Mlamu," idatero mofatsa, "paipi ndi yanu."

"Wamkulukulu, ine..."

"Mudatiuza kuti madzi ake ndi okoma kuposa a m'botolo. Imwani, mlamu. Tikudikira."

Bwana Chimphonda adatseka maso, adaika tambula pamilomo, adapsontha kamodzi. Sadameze. Adalavulira pa nsapato za a Kamphulusa, n'kutsika nsanja akuthamanga, akukuwa kuti awapatse mkaka. Milomo yawo idatupa, idachita matuza, ndipo idakhala ya pepo mwezi wathunthu.

Mlendo adapempha madzi otsalawo, adawathira m'kabotolo kake, adatseka bwinobwino. Kudzera mwa womasulira adati abweranso pakatha miyezi inayi. Akadzapeza maiwe osefera akugwira ntchito, malonda adzapitirira. Ndipo satifiketi imene adzailandire ndi yokhayo yosainidwa ndi mayi wa majombo uja.

Bwalo Lalikulu lidakumana mawa lake kufufuza wolakwa. Poyamba lidagamula kuti wolakwa ndi chipaipi, ndipo apolisi adapita kukachimanga unyolo. Kenaka lidapeza a Faniwelo ndi mlandu wotsegula gudumu popanda chilolezo cholembedwa, ndipo adachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, ngakhale amayi makumi anayi a mu holo adabwera kudzachitira umboni ataonetsa mapazi awo. Mayi Kanyumbu adachotsedwa Lolemba pa mlandu wotunga mosasankha. Lachitatu wina adakumbutsa Bwalo mawu a mlendo aja, ndipo galimoto ya Nduna idapita kukawatenga kunyumba, dalaivala akuwatsegulira chitseko.

Maiwe osefera, amene kwa zaka zisanu ndi ziwiri akatswiri a Bwana Chimphonda ankati sangatheke panthaka yotere, adakumbidwa m'masabata khumi ndi limodzi. Mwa anthu aganyu amene adakumba mudali a Faniwelo. Ku fakitale sadawabwezere. Anzawo ena ankawapatsa moni, ena ayi. Buluu wa m'manja mwawo adayamba kusuluka, ndipo tsiku lina adauza akazi awo kuti aona chipsera cha pachala chimene adachiiwala kuti ali nacho.

Mayi Kanyumbu adakana kusaina kawiri konse, mpaka dziwe lachitatu litakonzedwa monga mwa buku. Ulendo wachitatu adayeza m'mawa, masana ndi madzulo kwa sabata yathunthu, osanena tsiku lobwera, kenaka adasaina. Likisina adatuluka m'chipatala ndi mabala oyera m'miyendo amene sadzatha.

Pa tsiku lotsegulira maiwe nsanja idamangidwanso pamalo omwe aja. Mwala wa chikumbutso udanena kuti Maiwe a Mwadzitama adabadwa m'maloto a Mfumu. Bwana Chimphonda adavekedwa mendulo ya Mtetezi wa Mitsinje, a Kamphulusa ya Mlonda wa Malamulo. Dzina la Kanyumbu silidatchulidwe, ndipo Mayi Kanyumbu ndi amuna awo adaima kumbuyo kwa khamu pamodzi ndi Anachanza.

Mlakatuli atangotchula maina atatu, Mfumu idamukhazika pansi ndi dzanja. Idaimirira, idatulutsa pepala, idawerenga mofulumira ngati munthu amene basi ikumusiya, diso limodzi lili pakamwa pa chipaipi. Patatha mphindi zinayi idati, "Zikomo," n'kukhala pansi. Khamu lidachedwa kuomba m'manja, chifukwa ambiri adali asadamalize kuyala zitenje zoti agonepo.

Anachanza adagwira Mayi Kanyumbu paphewa.

"Mayi, maiwe anuwa ndi amphamvu," adatero. "Asefa mpaka m'kamwa mwa Mfumu."